Mvula ikalowa m'fakitale usiku, amakhalapo ndi mlonda yekha

Ndimasunga katundu pa fakitale ina yaing'ono yopanga sopo wamadzi ndi mankhwala otsukira, kumadzulo kwa tawuni, kumene mafakitale a ku Chinika amagundana msana ndi nyumba za anthu a mu Kanyama. Dzina la kampani ndalisiya dala, chifukwa zimene zinatigwera zingagwe pa geti lililonse la mumsewu wa Mumbwa, wa Mungwi kapena wa Buyantanshi. Ndikulembera anzanga osunga makiyi a masitolo, akapitawo, eni mafakitale ang'onoang'ono, alonda, komanso inu amayi ndi abambo amene mukatsegula chitseko m'mawa mumaona mpanda wa fakitale.

Amene mwakhalitsa mu Lusaka mukudziwa mmene nthaka ya kuno ilili. Mzindawu uli pamalo athyathyathya, opanda mtsinje waukulu woti n'kunyamula madzi, ndipo pansi pake pali thanthwe la laimu lodzaza ming'alu ndi mapanga. Mvula ikagwa motsatizana mu Januwale ndi Febuluwale, madzi a pansi amakwera mpaka pamwamba, a kumwamba aja n'kusowa kolowera. N'chifukwa chake ku Kanyama, ku Misisi, ku John Laing ndi ku Chawama kumasefukira chaka ndi chaka. Akuluakulu amakumbukirabe chigumula cha mu Kanyama cha 1978, ndipo ambirife tinaona ndi maso mu 2010 mabanja akugona m'matenti ku Independence Stadium. Ngalande ya Bombay itakonzedwa mbali zina za tawuni zinapumako, koma kumadzulo kuno madzi amachitabe zofuna zake. Tikamakamba za kusefukira timaganiza za nyumba zogwa, zimbudzi zodzaza ndi kolera. Za zigubu za asidi zimene zili kuseri kwa mpanda, mamita ochepa kuchokera pa zitsime za anthu, sitikambako.

M'sitolo yathu munkakhala matumba a kositiki soda a makilogalamu 25, klorini wa timibulu m'ndowa za pulasitiki, ndi asidi wa hydrochloric m'zigubu, amene timapangira mankhwala otsukira zimbudzi ndi matailosi. Panja pa shedi panali dizilo wa jenereta m'madiramu a malita 210. Oyendera akabwera ankapeza zozimitsira moto zili pakhoma, zodindidwa deti, mivi yosonyeza potulukira itajambulidwa bwino, ndi chikwangwani chobiriwira cha posonkhanirana chili pangodya ya bwalo. Tinkayeserera kuthawa moto, belu likalira aliyense n'kutuluka pamzere. Koma dongosolo lonselo linalembedwa poganizira moto wobuka masana, antchito onse alipo, magetsi akuyaka, msewu uli wouma. Katundu wolemera ankakhala pansi, pa paleti limodzi, chifukwa ndi pomwe forklift imafika mosavuta. Ndipo simenti ya m'sitolo inali yotsikirapo poyerekeza ndi msewu, popeza msewuwo anauthira dothi n'kuukweza fakitale itamangidwa kale.

Tsikulo munali mu Febuluwale, zaka zingapo zapitazo, nthaka itakhuta kale ndi mvula ya sabata yonse. Ina inayamba cha m'ma 21:00, magetsi n'kuthima posakhalitsa. Foni yanga inalira pakati pa usiku. Anali alonda athu, bambo wachikulire wa kwathu ku Katete, amene tonse pantchito timawaitana kuti amalume. Ankalankhula mawu awiri, n'kutsokomola, mawu awiri, n'kutsokomola.

"Bambo, madzi alowa. M'sitolo mukutuluka fungo, likuwawa m'maso."

"Amalume, mwalowamo?"

"Chitseko chapindika ndi madzi. Ndinati ndikwezeko matumba angaonongeke."

"Tulukani, amalume, chonde. Katundu musiyeni. Kwerani ku ofesi yapamwamba ija ya kugeti, mutseke mawindo oyang'ana kusitolo. Ndikubwera."

Kubwerako ndiye kunali nkhani. Minibasi kunalibe, ndipo a takisi akangomva kumene ndikupita ankakana. Mnansi wanga wa Canter anandimvera chisoni, koma nayenso anafika pamene madzi anayamba kumenya nyali za galimoto n'kuima. Kuchokera pamenepo tinayenda wapansi, titavala majombo, tikufufuza ndi ndodo kutsogolo, chifukwa madzi akaphimba msewu sudziwa pamene pali ngalande yotseguka. Ndili m'njira ndinaimba 993. Ozimitsa moto anayankha, n'kundiuza zoona zake: magalimoto awo anali atatuluka kale kupita kumene nyumba zinagwera anthu, ndipo misewu yobwera kwathu inali yosapitika. Anandilangiza kuti munthu asalowe m'sitolomo, ndipo tikhale mbali imene mphepo ikuchokera. Foni ya abwana sinkalowa n'komwe.

Pageti madzi anali m'mawondo. Nditaunika ndi tochi, pamwamba pake pankanyezimira mafuta amitundumitundu: diramu lina la dizilo linali litagwa chammbali, likuyandama pafupi ndi shedi, pakamwa pali potsegula. M'kanyumba ka alonda munali mbaula pa njerwa, makala akadali psuu, madzi atatsala chikhatho chimodzi kuti aifike. Dizilo sagwira moto msanga monga petulo, koma kuseri kwa khoma lathu kuli anzathu opopera penti magalimoto, ndipo zigubu zawo za thinner madzi akanatha kuzikokera kulikonse. Mbaulayo ndinaizimitsa ndisanachite china chilichonse. Jenereta inali itamira mpaka theka, ili zii. Pampu yochotsa madzi pabwalo ndi yamagetsi, ndiye nayonso inali chete. Chikwangwani cha posonkhanirana chija chinkangooneka mutu wokha, chifukwa ngodya imene anachizika ndiyo yotsika kuposa malo onse. Shawa yotsukira munthu akathiridwa mankhwala ili mkati mwa fakitale, komwe kunkachokera fungo. Ndipo fungolo, ngakhale tinali patali, linkakanda pakhosi: la mankhwala oyeretsera zovala, koma lamphamvu kambirimbiri.

Amalume ndinawapeza pamasitepe, maso atafiira, misozi ikungotsika. Ndinawafunsa za miyendo chifukwa buluku linali litanyowa mpaka m'ntchafu, ndipo majombo anali atavula atadzaza madzi. Anati sikupweteka, kungoti khungu likuterera ngati thelele. Mawu amenewo anandiopsa kuposa chifuwa chija. Kositiki soda akasungunuka m'madzi sapweteka nthawi yomweyo. Amayamba kudya mafuta a pakhungu, n'chifukwa chake pamaterera, ndipo amalowerera mkati munthu akuganiza kuti ali bwino. Tinawavula bulukulo n'kuyamba kuthira madzi. A m'botolo lalikulu lakumwa la mu ofesi tinasungira maso, tikuthira pang'onopang'ono kuchokera kumbali ya mphuno kuti asatsikire m'diso linalo, iwo akuphethira. A miyendo tinatchera pa paipi ya denga la ofesi, amvula enieni, osakhudza pansi. Malangizo a mankhwalawa amati kutsuka kusachepere mphindi 15 kapena 20, ndipo pa soda ndi bwino kupitirira pamenepo. Mphindi 20 usiku, mukunjenjemera ndi kuzizira, munthu akukuuzani kuti basi zakwana, zimatalika kwambiri. Yang'anani wotchi, musayerekeze ndi mutu.

Mlonda wa fakitale yoyandikana nafe, amene anabwera kudzathandiza, ankalimbikira kuti tipeze mkaka. Chikhulupiriro chimenechi chili m'mafakitale ambiri, mpaka ena amagawa mkaka kwa antchito poganiza kuti ndi chitetezo. Mkaka umapita m'mimba, mpweya woipa umapita m'mapapo, sizikumana. Timamasiki ta nsalu kapena ta pepala timene tinazolowera nthawi ya COVID-19 natonso timangotchinga fumbi, mpweya wa klorini umadutsa. Pa bala la soda musapake mafuta, Vaseline kapena mankhwala otsukira mano, ndipo musathirepo viniga poganiza kuti apha sodayo. Madzi oyera okha, ambiri.

Kutayamba kucha chifuwa chinachepa, ndipo amalume anati angopita kunyumba akagone. Sitinalole. Tinawakweza pa wilibala mpaka pamene tinasiya Canter, n'kupita nawo kuchipatala. Adokotala anafunsa dzina lenileni la mankhwala, ndipo mwayi unali woti ndimawadziwa pamtima, chifukwa fayilo ya SDS, mapepala ofotokoza kuopsa ndi chithandizo cha mankhwala aliwonse, inali m'dirowa ya pansi m'sitolo momwemo. Anawaika pa okosijeni n'kuwagoneka. Anatifotokozera kuti munthu amene wapuma klorini akhoza kuoneka ngati wachira, koma patapita maola angapo madzi n'kuyamba kudzaza m'mapapo, ndipo zimenezi zikamupeza kunyumba, kutali ndi chipatala, zimavuta. Miyendo inayamba kuonetsa zilonda tsiku lotsatira, ndipo inatenga masabata kuti ipole. Lero ali bwino ndipo akugwirabe ntchito, koma zipsera za m'misongolo zilipo.

Zimene zinachitika mkati tinazidziwa masana, ozimitsa moto atafika n'kulowa ndi mabotolo a mpweya kumsana. Madzi atakwera, mapaleti a matabwa anayandama. Zigubu za asidi zodzaza zinakhala pamalo pake, koma zotsala theka zinanyamuka n'kuyamba kugundana, china n'kugwa chotsekera chitamasuka. Ndowa ya klorini imene inkatapidwa sabata imeneyo inali yongovundikira, ndipo inagubuduka chapafupi pomwepo. Asidi akakumana ndi klorini wamtundu umenewu, kaya wa timibulu kaya wamadzi, pamatuluka mpweya wa klorini, wachikasu mobiriwirako, wolemera kuwirikiza pafupifupi kawiri ndi theka kuposa mpweya wamba. Sukwera kumwamba n'kubalalika. Umayala pansi, umatsata maenje ndi ngalande, ndipo munthu wowerama kuti anyamule thumba ndiye amaupuma wambiri. Matumba a soda a m'mizere ya pansi, amene anali chakukhomo, anasungunuka, ndipo ndi m'madzi amenewo amalume anaimamo. Mkulu wa ozimitsa moto anatiuzanso kuti tinapulumuka moto: klorini wa timibulu akanyowa amatentha, ndipo akakhudzana ndi mafuta, utuchi kapena makatoni akhoza kuyatsa moto ngakhale kunja mvula ikugwa. Choncho utuchi umene ambiri timathira pansi pakatayika mafuta, pa klorini usayandikire.

Gawo limene limandivutabe mumtima ndi la kuseri kwa mpanda. Khoma lathu lili ndi mabowo pansi otulutsira madzi a mvula, ndipo madzi onse aja, a soda, a asidi ndi a dizilo, anatulukira pamenepo n'kulowa m'ngalande yopita ku nyumba za anthu. Pamene tinkabwerera kuchokera kuchipatala, ana anali atayamba kale kusewera m'madzimo. Pantchito panamveka mawu oti tidikire kaye, tisaopseze anthu, madzi amvula ndi ambiri asungunula zonse. Mayi amene amayeza mankhwala mu labu yathu sanatsutse ndi pakamwa. Anatenga kapepala koyezera pH, kamene kamasintha mtundu posonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena soda, n'kukaviika pa bowo la khoma, abwana akuona. Kanasanduka kabuluu woderako, chizindikiro cha soda wamphamvu. Kukambirana kunathera pomwepo.

Tinapita kwa a tcheyamani a m'deralo ndi amayi odzipereka a zaumoyo, aja amayenda khomo ndi khomo nthawi ya kolera, chifukwa iwo anthu amawadziwa ndipo amawamvera. Pa nyumba ina tinapeza mayi akutunga pachitsime chosaya, chimene madzi osefukira anali atalowamo.

"Amayi, pepani, madzi awa musamwe, musaphikire, ngakhale kusambitsa mwana, mpaka ayezedwe. Kufakitale kwatayika mankhwala."

"Ndithiramo klorini, bambo, ndiwiritsanso. Si mmene a zaumoyo amatiuzira?"

Funso lawolo linali lanzeru, ndipo yankho lake aliyense wokhala pafupi ndi fakitale alidziwe. Kuwiritsa ndi kuthira klorini kumapha tizilombo ta kolera ndi taifodi, koma musadalire zimenezi kuti zichotse dizilo, soda kapena mankhwala ena a m'fakitale. Madzi onunkha mafuta, oterera m'manja kapena ochita thovu lachilendo ndi osiya. Ndipo chifukwa cha ming'alu ya thanthwe lija, chimene chatayika pamwamba sichidutsa m'dothi lambiri loti n'kuchisefa. Chimatsika msanga n'kukatulukira pachitsime cha munthu amene sanamve n'komwe za ngoziyo. Mayiwo anafunsanso kuti nanga akatunga kuti. Chenjezo lopanda madzi ena silikanapita patali, chifukwa mwana akalira ludzu mayi amabwerera pachitsime chomwecho. Kampani inalipira madzi a pa kiyosiki a mabanja a m'mbali mwa ngalandeyo mpaka zotsatira za kuyeza zitabwera.

Tsiku lomwelo tinadziwitsa ZEMA, bungwe loona za chilengedwe limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la Environmental Management Act la 2011. Kutayika kwa mankhwala kotere si kobisa. Lamulo limafuna kuti mwini malo anene. Za kuvulala kwa amalume zinapita ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe loona za chipepeso cha ovulala pantchito. Iwo ndi olembedwa ndi fakitale yathu, koma alonda ambiri amachokera ku makampani a zachitetezo, ndiye mbali iliyonse ikhoza kuganiza kuti inayo ndiyo ilemba lipoti. Funsani mpaka muone pepala. Za kusefukira kwa dera lonse zimayendetsedwa ndi DMMU, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya mu ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti, koma usiku wotere iwo amakhala ndi makomboni ambiri pamutu, ndipo zimene zili m'sitolo mwanu sangazidziwe ngati simunawauze.

Pa kuyeretsa ndi pamene anthu amavulalanso, chifukwa cha changu chofuna kuyambiranso ntchito. Mabowo a khoma tinatseka ndi matumba a mchenga, madzi otsala m'sitolo n'kuwapopera m'matanki opanda kanthu, osati m'ngalande. Klorini wonyowa sanabwezedwe m'ndowa ya wouma, ndipo sanatsekeredwe zolimba chifukwa amapitiriza kutulutsa mpweya. Zigubu zimene mapepala ake anamatuka zinaikidwa pazokha, popanda wozinunkhiza kuti adziwe za mkati. Magetsi sanayatsidwe mpaka wamagetsi atayeza mawaya ndi mamota onse. Anyamata ofuna ganyu anadzaza pageti m'mawa umenewo, ena atavala patapata, ndipo tinawabweza ngakhale manja ankafunika. Ntchitoyo inagwiridwa ndi anthu odziwa mankhwalawo, atavala majombo, magolovesi aatali a labala ndi magalasi otchinga maso.

Patapita masabata kampani inaitana mayi wina wophunzitsa za chitetezo cha pantchito. Anatisimbira za ku Crosby, ku Texas, mu Ogasiti 2017. Kumeneko kunali fakitale yosunga mankhwala amene amayaka okha akapanda kukhala pozizira. Mkuntho wa Harvey utabweretsa chigumula, magetsi anathima, majenereta apadera anamira, mankhwalawo anawasamutsira m'makontena okhala ndi mafiriji, koma madzi anafikanso kumeneko. Antchito anachotsedwa, anthu okhala mkati mwa makilomita 2.4 kuzungulira fakitaleyo anasamutsidwa, ndipo mankhwalawo anayaka. Anthu amenewo anali ndi ndalama ndi zipangizo zoposa zathu kutalitali, koma chinawagwetsa n'chomwe chinagwetsa ife: chitetezo choyamba, chachiwiri ndi chachitatu zonse zinali pamene madzi amafika. Ngozi wamba ya pantchito imaononga chinthu chimodzi, zina zonse n'kutsala zoti zikuthandizeni. Mvula imatenga magetsi, pampu, msewu, netiweki ndi ozimitsa moto pa ola limodzi, ndipo imatero kwa inu ndi anansi anu onse.

Mayiyo anatiyendetsa pabwalo, n'kufunsa amalume, osati abwana, kuti madzi amayambira pati. Amalume anasonyeza njira yonse, kuchokera kugeti, kudutsa pa shedi, mpaka pakhomo la sitolo, n'kunena kuti malowa kale linali dambo, ndipo madzi saiwala khwawa. Zimenezi ankazidziwa zaka zonsezi, koma panalibe amene anawafunsapo.

Mzere wa matope umene madzi anasiya pakhoma sitinaufute. Tinaudutsitsa penti yofiira, ndipo chilichonse chimene chimadana ndi madzi chimakhala pa mashelefu a chitsulo, theka la mita pamwamba pa mzerewo. Asidi ndi klorini tsopano ali m'zipinda zosiyana, pakati pali khoma la njerwa lopanda bowo pansi, chifukwa kuwasiyanitsa ndi mpata chabe n'kopanda ntchito zigubu zikayamba kuyandama. Madiramu, odzaza ndi opanda kanthu omwe, amatsekedwa n'kumangidwa ndi tcheni. Dizilo analowa m'thanki yozunguliridwa ndi kakhoma kokhoza kusunga mafuta onse a m'thankimo ndi kupitirirako, ndipo valavu yake imakhala yotseka. Jenereta inakwera pa nsanja ya konkire. Ku ofesi yapamwamba kuli zigubu za madzi oyera zosatsegula, tochi ndi makope a SDS okutidwa ndi pulasitiki. Pa mlongoti pali kansalu kosonyeza kumene mphepo ikupita, ndipo posonkhanirana pali pawiri, ponse pokwera. Chimene chinavuta kuti chivomerezedwe ndi kugula katundu wochepa kuyambira Disembala mpaka Malichi, popeza kugula pang'onopang'ono kumadula, koma thumba limene mulibe m'sitolo silingasungunuke. A Zambia Meteorological Department akachenjeza za mvula yamphamvu, sitiweruka tisanaone zotsekera zonse ndi kuika matumba a mchenga pakhomo. Matumbawo timadzaza mu Okutobala, mchenga ukadali wouma.

Koma chachikulu kwa ine ndi cha mlonda. Ali kuchipatala ndinawafunsa amalume chifukwa chake analowa m'madzi onunkha chotero. Anati: "Bambo, katundu akaonongeka usiku amafunsa ndani? Ndikanati ndinali kuti?" Munthu amene amalandira zochepa kuposa tonse, amene sanakhalepo pa maphunziro aliwonse a mankhwala chifukwa amachitika masana iye ali mtulo, ndiye amasiyidwa yekha ndi madiramu usiku wonse, ndipo amaopa kudulidwa ndalama kuposa mmene amaopera fungo. Tsopano m'kanyumba ka kugeti muli pepala limodzi, lolembedwa m'Chinyanja ndi zilembo zikuluzikulu, losainidwa ndi abwana. Limanena kuti madzi akafika pa mzere wachikasu wa pageti mlonda azimitse mbaula, athimitse swichi yaikulu ngati pamene waimapo ndi pouma, akwere ku ofesi, aimbe foni. Limanenanso kuti akamva fungo asalowe, achoke molowera kumene mphepo ikuchokera, ngakhale kutuluka pageti n'kusiya malo opanda munthu, ndipo palibe ngwee imene idzadulidwe pa malipiro ake. Chiganizo chomalizachi ndi chimene ndinalimbana kwambiri kuti chilembedwe, ndipo popanda chimenechi pepala lonselo silingamuchotse munthu pakhomo la sitolo. Foni ya pageti imakhala ndi talk time ndi power bank. Mlonda watsopano aliyense, ngakhale wobwera usiku umodzi kudzalowa m'malo, ndimayenda naye ndekha n'kumuonetsa zitseko zimene sayenera kutsegula.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinawonjezera vutoli. Madzi atachepa ku Kariba magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, ndipo mashopu ndi mafakitale ambiri anagula majenereta n'kuunjika dizilo ndi petulo kuseri. Mvula itabwerera madiramu aja anatsala pomwepo, pansi. Ndipo pa 18 Febuluwale 2025, mkati mwa dzinja, damu losungiramo zinyalala za mgodi ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi n'kulowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Malipoti oyamba ananena za malita 50 miliyoni. Nsomba zinafa, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zinaonongeka, madzi a m'mipopi ku Kitwe anatsekedwa, ndipo ndege zinkathira laimu mumtsinje. Kafue yemweyo ndi amene ife a mu Lusaka timamwako kudzera ku Iolanda, kumene amapopera ndi kuyeretsa madziwo, ndiye nkhani imeneyo sitinaimve ngati ya kutali.

Chimene sitinachithebe ndi cha anansi. Madzi akasefukira, zimene zili kwa mnzako zimabwera kwa iwe, mpanda ulipo kapena palibe. Tinayenda pa mageti a mumzere wathu kufunsa zimene aliyense amasunga. Owotcherera zitsulo anationetsa kabaidi wawo, amene akanyowa amatulutsa mpweya wa acetylene woyaka msanga, ndipo tsopano amamusunga m'chitini chotseka, pamwamba. A penti anakweza thinner. Eni nyumba yoziziritsira nyama, amene makina awo amayendera amoniya, analowa m'gulu lathu la WhatsApp, mmene muli alonda onse, a tcheyamani ndi amayi a zaumoyo aja. Ngalande ya kuseri timaikumba pamodzi mvula isanayambe. Koma pali malo amodzi chakumtunda kwathu, a mpanda wautali, kumene malole amatsitsa madiramu abuluu, ndipo mpaka lero pageti amangotiuza kuti abwana kulibe. Madzi awo amadutsa pakhomo pathu asanafike ku nyumba za anthu. Kalata yopempha a khonsolo ndi a ZEMA kuti tipitire limodzi talemba, a tcheyamani asainapo, ndipo tikaipereka sabata yamawa.